Kodi maelekitironi a mu CeCu6 amalemeradi kuwirikiza mazanamazana?

Funso: Ndikuphunzira fizikisi ya zinthu zolimba. Taphunzitsidwa kuti mu CeCu6 ndi CeAl3, zitsulo zosakaniza cerium ndi kopa kapena aluminiyamu, maelekitironi amalemera kuwirikiza mazana kuposa elekitironi wamba. Kulemeraku kumachokera kuti, poti elekitironi ndi yomweyo paliponse? Nanga munthu atakhala ndi kachidutswa ka chitsulo chotere m'manja, angatsimikize bwanji kuti ndi heavy fermion?

Yankho: Pomwe mwakayikirapo m'poyenereradi kukayikira. Elekitironi siilemera kapena kupepuka. Ya mu CeCu6 ndi ya mu waya wa kopa zonse ndi 9.11 × 10⁻³¹ kg. Cholemeracho n'china. M'chitsulo, chonyamula magetsi ndi kutentha si elekitironi payokha ayi, koma elekitironi pamodzi ndi kusuntha konse komwe imachititsa kwa anzake ikamadutsa. Lev Landau, mu 1956 ndi 1957, anasonyeza kuti mtolo wonsewu tingautenge ngati kanthu kamodzi, komwe timati quasiparticle. Chaji ndi spin yake (kamaginito kake kachibadwa) ndi za elekitironi, koma kulemera kwake, komwe timalemba m*, kumadalira mmene anzake akuigwirira. Mu kopa m* imangoposa pang'ono kulemera kwa elekitironi. Mu CeCu6 imaposa kuwirikiza mazana, ndipo zitsulo zotere ndizo timati heavy fermion.

Kulemeraku sitikuyeza pasikelo. Timakuona pa kuchuluka kwa mphamvu yomwe chitsulo chimameza kuti kutentha kwake kukwere ndi digiri imodzi, komwe timalemba C. Kukazizira kwambiri, C = γT + βT³, pomwe T ndi kutentha. Gawo la βT³ ndi la kunjenjemera kwa maatomu, gawo la γT ndi la maelekitironi, ndipo γ imakula molingana ndi m*. Kopa ali ndi γ ya pafupifupi 0.7 mJ/mol K². Mu 1975 Andres, Graebner ndi Ott anayeza CeAl3 pansi pa 0.2 K n'kupeza 1620 mJ/mol K². CeCu6 ili chapomwepo, pa 1600. Musafulumire kugawa 1600 ndi 0.7, chifukwa mole ya CeCu6 ili ndi maatomu asanu ndi awiri pa fomula iliyonse. Kuyerekeza kwachilungamo n'kwa CeCu6 ndi LaCu6, yomwe maatomu ake anayalana chimodzimodzi koma γ yake siifika n'komwe pa 10. Lanthanum ndi cerium n'zoyandikana pa tebulo la maelementi, ndipo zimasiyana elekitironi imodzi yokha, ya mu chigoba cha 4f. Nkhani yonse yagona pa elekitironi imodziyi.

Cerium si chinthu chosowa. Kamwala kotulutsa moto mu laita ya gasi kali ndi cerium wambiri, ndipo mwala wa monazite wa paphiri la Kangankunde ku Balaka nawo uli naye. Chachilendo chake n'chakuti chigoba cha 4f chinabisala mkati mwa atomu, kunsi kwa zigoba za 5s ndi 5p. Elekitironi ya mmenemo siikhudzana ndi ya 4f ya atomu ya cerium yoyandikana nayo. Malo omwe ili ndi opanikizika kwambiri, moti yachiwiri ikafuna kulowamo, kukankhana kwa chaji zawo kumafuna mphamvu U ya 5 mpaka 6 eV. Kuti yomwe ilimoyo ituluke n'kukalowa m'gulu la maelekitironi oyenda, pamafunika pafupifupi 2 eV. Kutentha kwa m'chipinda kumangopereka 0.025 eV. Choncho kulowa n'kodula, kutuluka n'kodulanso, ndipo atomu iliyonse ya cerium imakhala ndi elekitironi imodzi ya 4f yotsekeredwa. Pakanapanda U, maelekitironi amenewa akanapanga band (mndandanda wa mphamvu zomwe maelekitironi oyenda amatha kukhala nazo) wamba yopapatiza, ndipo m* ikanangokwera kuwirikiza kangapo basi.

Chaji yatsekeredwa, koma spin ikadali yomasuka. Mu Ce³⁺, spin ndi kuzungulira kwa elekitironi zimamangana n'kupereka J = 5/2, kutanthauza makhalidwe asanu ndi limodzi. Mphamvu ya magetsi yochokera kwa maatomu ozungulira imawagawa, ndipo m'makristalo ambiri pansi penipeni pamatsala awiri okha, ena n'kukwera pamwamba ndi madigiri makumi kapena mazana. Atomu iliyonse ikukhala ngati kamaginito kotha kuloza mbali ziwiri. Mukayeza χ, yomwe ndi mmene chinthu chimamverera maginito, pakati pa 100 K ndi 300 K, mupeza lamulo la Curie-Weiss ndi moment (kukula kwa kamaginito, poyeza ndi μB ya elekitironi imodzi) ya pafupifupi 2.54 μB, ya Ce³⁺ yoima payokha. Ndipo ufulu wosankha mbali ziwiriwu uli ndi entropy (muyeso wa kuchuluka kwa makhalidwe otheka) ya R ln 2, yomwe ndi 5.76 J/mol K. Isungeni nambala imeneyi.

Tsopano kutsekeredwako si kwathunthu. Pali kusakanikirana pang'ono, komwe timalemba V, pakati pa 4f ndi maelekitironi oyenda. Malamulo a quantum amalola elekitironi ya 4f kutuluka kwa kanthawi kochepetsetsa ina n'kulowa m'malo mwake, kapena yoyenda kulowa kaye inzake n'kutuluka. Lamulo la Pauli limaletsa ziwiri za spin yofanana kukhala malo amodzi, motero kusinthanaku kumayenda bwino pamene yobwerayo ili ndi spin yosemphana ndi ya mwini malo. Zotsatira zake n'zakuti kamaginito ka 4f kamakonda kuti maelekitironi oyenda pafupi nako aloze mosemphana nako, ndi mphamvu J (si J ya 5/2 ija) yomwe imakula ngati V² kugawa ndi mtengo wa kulowa kapena kutuluka uja. Chithunzi cha U ndi V ndi cha Philip Anderson, cha mu 1961. Schrieffer ndi Wolff ndiwo anatulutsamo J mu 1966.

Zotsatira za J zinaoneka kale fomula isanabwere. Ku Leiden, mu 1934, de Haas, de Boer ndi van den Berg anaona kuti kukana magetsi kwa golide kumatsika akamamuziziritsa, kenako n'kuyambanso kukwera. Jun Kondo anafotokoza mu 1964 kuti ochititsa ndi maatomu ochepa a maginito obisala m'golidemo, omwe amabalalitsa maelekitironi mochulukirachulukira, molingana ndi −ln T. Kenneth Wilson anamaliza samuyi mu 1975: pansi pa kutentha kwinakwake, komwe timati T_K, maelekitironi oyenda amaphimbiratu kamaginito kaja, spin yake n'kuzimirira. T_K imayenda ngati D × exp[−1/JN], pomwe D ndi kutambalala kwa band ya oyendawo ndipo N ndi kuchuluka kwa malo awo pa mphamvu ya Fermi, yomwe ndi mphamvu yapamwamba penipeni pa malo omwe adzaza. Ikanimo manambala mudzionere nokha. Tengani D ya 10,000 K. JN ikakhala 0.20, T_K ndi 67 K. Ikakhala 0.13, T_K ndi 4.6 K. Ikakhala 0.10, T_K ndi 0.45 K. J yangotsika ndi theka, koma T_K yatsika kuwirikiza 150. N'chifukwa chake mphamvu za maeV angapo zimabala kamphamvu ka madigiri ochepa, ndiponso n'chifukwa chake kufinya kristalo pang'ono chabe kumasintha khalidwe lake lonse.

Apa ndiye pali yankho la funso lanu loyamba. Lamulo lachitatu la thermodynamics limati entropy iyenera kutha pofika 0 K. Kawirikawiri timaginito timataya R ln 2 yathu ija pofola mwadongosolo, ndipo C imaonetsa nsonga yakuthwa pa kutentha komwe tafolerapo. Mu CeCu6 mulibe nsonga yotere. Entropy imatha pang'onopang'ono pamene maspin akuphimbidwa, pakati pa T_K ndi 0 K. M'chitsulo entropy ya maelekitironi ndi γT, choncho γ × T_K iyenera kukhala pafupi ndi R ln 2. Gawani 5.76 ndi T_K ya pafupifupi 4 K, mupeza 1.4 J/mol K², pafupi kwambiri ndi zomwe zimayezedwa. γ yaikulu ndi ufulu wa spin wa 4f womwe wasamukira kwa maelekitironi oyenda. Kulemera kwakukulu ndi T_K yaing'ono ndi chinthu chimodzi chotchulidwa pawiri. Kopa ali ndi mphamvu ya Fermi ya 7 eV, pafupifupi 80,000 K. Maquasiparticle a CeCu6 ali ndi ya madigiri ochepa.

Mukafuna chithunzi, ganizirani munthu wodutsa m'mudzi mwa abale ake okhaokha. Khomo lililonse amuitana, amupatsa mpando, amulonjera, ndipo sanyamuka mpaka moni atatha. Miyendo yake ndi yomwe ija, koma mudzi woti akanaudutsa mphindi khumi aumaliza dzuwa litapendeka. Quasiparticle nayo imatha nthawi yake yambiri itakhala pa 4f, kudikira mpata wodumpha womwe U imalola mwa apo ndi apo. Fanizoli limaperewera pamodzi: woyimayo ndi wopitirizayo sakhala elekitironi imodzimodzi, amangosinthana.

Golide wa ku Leiden anali ndi timaginito towerengeka tomwazikana. CeCu6 ili nato pa fomula iliyonse, toyalana mwadongosolo, ndipo izi zimasintha zinthu. Kukatentha, atomu iliyonse imabalalitsa maelekitironi payokha, ndipo kukana magetsi, ρ, kumakwera ngati −ln T. Koma kukazizira mokwanira, maatomu onse amabalalitsa mofanana, ndipo funde loyenda pa zinthu zoyalana mofanana silimwazika. ρ imafika pachimake kenako n'kugwa kwambiri. Mu CeCoIn5 chimake chili pafupi ndi 40 K. Umboni woti ochititsa ndi dongosololi ndi wosavuta: chotsani cerium wambiri mu CeCu6 n'kuika lanthanum, kugwako kumatha, ρ imangokwera n'kukhazikika pamwamba ngati ya golide uja. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti elekitironi ya 4f, yomwe tinati yatsekeredwa, tsopano imawerengedwa pamodzi ndi oyenda. Fermi surface, malire a malo omwe maelekitironi oyenda adzaza, imakula ndi elekitironi imodzi pa cerium aliyense, ndipo Masaki Oshikawa anatsimikizira zimenezi mwamasamu mu 2000. Maelekitironi akakwanira ndendende kudzaza band yatsopanoyi, chinthucho chimaleka kudutsitsa magetsi kukazizira, monga SmB6 ndi Ce3Bi4Pt3.

Si chinthu chilichonse cha cerium chomwe chimafika pamenepa, chifukwa J yomweyo imagwiranso ntchito ina. Kamaginito kamodzi kamapendeketsa maspin a oyenda, iwo n'kukapendeketsa kamaginito kena patali. Uku ndi kukokana kwa RKKY, kwa Ruderman, Kittel, Kasuya ndi Yosida, ndipo kumakula ngati J²N. Sebastian Doniach anaika ziwirizi pa pepala limodzi mu 1977. J ikakhala yaing'ono, J² imaposa exponential ija, timaginito timafola tisanaphimbidwe. Ndi mmene zilili mu CeIn3 pa 10 K ndi CeRhIn5 pa 3.8 K. J ikakhala yaikulu, kuphimba kumapambana. Maheavy fermion olemeretsetsa amapezeka pakati, pomwe ziwirizi zikulimbirana. Kufinya cerium kumakulitsa V, motero kumathetsa maginito. Pa ytterbium n'zosemphana: Yb³⁺ ili ndi maelekitironi 13 mwa 14 mu 4f, ndi yaing'ono kuposa Yb²⁺ yopanda maginito, choncho kufinya kumalimbikitsa maginito. Ambiri amalakwa pamenepa.

Pamalire penipeni, pomwe kutentha kofolera kwatsitsidwa kufika 0 K, chithunzi cha Landau chimasweka. Gulu la Hilbert von Löhneysen ku Karlsruhe linasonyeza mu 1994 kuti mukaika golide pang'ono m'malo mwa kopa, CeCu5.9Au0.1, C/T siikhazikikanso koma imangokwera ngati −ln T, ndipo ρ imatsika molunjika ndi T m'malo mwa T². YbRh2Si2 imafola pa 0.07 K, ndipo maginito a 0.06 T (tesla) okha, oloza mopingasa ndi mzere wa c wa kristalo, amaifikitsa pamalirewo. Mu CeRhIn5, Fermi surface imafanana ndi ya LaRhIn5 isanafinyidwe, koma pafupi ndi 2.3 GPa imasanduka yaikulu ngati ya CeCoIn5, m* ikukwera kwambiri mbali zonse ziwiri. Akatswiri akadatsutsanabe ngati pamalire otere maquasiparticle olemera amapulumuka n'kumangogwedezedwa ndi mafunde a maginito, kapena kuphimba kwa Kondo kumathera pomwepo. Kuona kwanga, zinthuzi sizitsata njira imodzi. CeCu2Si2 imagwirizana bwino ndi maganizo oyambawo, pamene YbRh2Si2 ndi CeRhIn5 zimapendekera ku achiwiriwo.

Pafupi ndi malire omwewa m'pamene pamabadwira superconductivity, kudutsitsa magetsi popanda kukana kulikonse. Frank Steglich anaipeza mu CeCu2Si2 mu 1979, pafupi ndi 0.5 K, ndipo ambiri sanakhulupirire msanga chifukwa maginito ankadziwika kuti amaipha. Chinatsimikiza ndi kudumpha kwa C pa T_c (kutentha komwe superconductivity imayambira), komwe kunali kwa msinkhu wa γT_c ndi γ ya pafupifupi 1000, kusonyeza kuti omwe akugwirana awiriawiri ndi olemera omwewo. LaCu2Si2 siichita zimenezi. UBe13 inatsatira mu 1983, UPt3 mu 1984, ndi CeCoIn5 mu 2001 pa 2.3 K.

Tibwere ku funso lachiwiri. Choyamba kudziwa n'chakuti γ yaikulu payokha si umboni. Ndipo zambiri zimalakwika munthu asanayambe n'kuyeza komwe, pa kristalo.

Tengani CeCoIn5. Imameretsedwa mu indium wosungunuka: cerium ndi cobalt mofanana, indium wochuluka kwambiri, monga 1:1:20, m'kambiya ka alumina kotsekeredwa mu chubu cha quartz chochotsedwa mpweya. Mumatenthetsa kufika 1150 °C, n'kutsitsa mofulumirirapo kufika 750 °C, kenako pang'onopang'ono kufika 300 °C. Pamenepo indium akadali madzi, poti amauma pa 157 °C, ndiye mumatembenuza chubu n'kuchizunguza pa centrifuge kuti akhetsedwe. Zotsala ndi timapale topyapyala tonyezimira, ta mamilimita ochepa. Vuto ndi indium wotsalira pamwamba ndi m'ming'alu. Iyeyu amasanduka superconductor pa 3.4 K, ndipo kaulusi kake kamodzi kolumikiza mawaya anu kamagwetsa ρ pamenepo, inu n'kuyesa mwapeza chatsopano. Tsukani timapaleto mu HCl wosungunula ndi madzi, palani pamwamba, ndipo mukaona kugwa kulikonse pa 3.4 K dziwani kuti ndi indium. Maginito a 0.05 T amakuchotsa, pamene T_c yeniyeni ya CeCoIn5 siisunthika ndi maginito ochepa chotero. CeCu2Si2 ili ndi vuto lake: kopa akachuluka pang'ono mumapeza superconductor, akachepa pang'ono mumapeza maginito ofola pafupi ndi 0.8 K, ndipo kusiyanako n'kwa peresenti imodzi kapena kucheperapo. Cerium amachitanso dzimbiri msanga pa mpweya, choncho m'duleni ndi kumuyeza kulemera mu argon.

Pa kuyeza C, makina a helium-4 omwe amathera pa 1.8 K sakwana. Pamafunika helium-3, yofika 0.35 K, ndipo kwa CeCu6 kapena CeAl3 pamafunika dilution refrigerator yofika pansi pa 0.1 K. Yezani kaye kambale ndi girisi womatira, kenako ndi kristalo ya mamiligalamu angapo, n'kuchotsera. Meretsaninso mnzake wa lanthanum kuti muchotse gawo la kunjenjemera kwa maatomu. Mzere wa C/T pa T² womwe munaphunzira pa kopa sugwira ntchito pano, chifukwa C/T imakwera kukamazizira, ndipo mukaukoka kuchokera pa 10 K mupeza γ yaing'ono kwambiri. Chofunika ndi kuona C/T ikukhazikika. Kenako phatikizani C/T pa T yonse kuti mupeze entropy, muone pomwe yafika theka la R ln 2. Kuwirikiza kawiri kutentha kumeneko kumakupatsani T_K mongoyerekeza.

Zonamiza zilipo zingapo. Chinthu chomwe chidzafole pa 1 K chimaonetsa C/T yokwera pa 2 K, ndipo wosiyira pomwepo amalengeza heavy fermion yomwe kulibe. Makhalidwe a 4f omwe ali pafupi ndi a pansi amapereka chitunda chotambalala cha Schottky, chomwe mbali yake imaoneka ngati γ. Kristalo yosokonekera, momwe maspin aumira mwachisawawa, imaperekanso C yolunjika ndi T. Ndipo pansi pa 0.2 K, makamaka mu maginito amphamvu, manyukiliyasi a indium kapena cobalt amaonjezera gawo lokwera ngati 1/T², lomwe liyenera kuchotsedwa.

Chothetsa mkangano ndi kuyeza zinthu zitatu pa kristalo imodzi n'kuona ngati zikugwirizana. χ iyenera kusiya Curie-Weiss n'kukhazikika pa mtengo waukulu, ndipo chiwerengero cha Wilson, choyerekeza χ ndi γ, chikhale chapafupi ndi 1 kapena 2. Chikakula kwambiri, kayikirani maginito ofola mbali imodzi kapena maspin ouma. ρ iyenera kutsata ρ₀ + AT². Lumikizani mawaya anayi opyapyala a platinum kapena golide, ndipo pa mamilikelvin chepetsani magetsi kufika pa mamaikiroampeya makumi ochepa. Bwerezani ndi theka la magetsiwo. Mzere ukasintha, mukutenthetsa kristalo ndinu. Kadowaki ndi Woods anaona mu 1986 kuti A/γ² imakhala pafupi ndi 1 × 10⁻⁵, A ikakhala mu μΩ cm/K² ndipo γ mu mJ/mol K². Yesani pa CeAl3: 1620 kuchulukitsa ndi 1620 ndi 2.6 miliyoni, zomwe zikupereka A ya 26, ndipo yoyezedwa inali 35. γ ikakhala yaikulu koma A n'kukhala yaing'ono ngati ya chitsulo wamba, entropy imeneyo si ya onyamula magetsi. Chenjerani ndi zinthu zina za ytterbium momwe makhalidwe onse asanu ndi atatu a J = 7/2 amatenga nawo mbali: mmenemo chiwerengerochi chimatsika kuwirikiza makumi awiri ndi kuposa, popanda cholakwika chilichonse.

Kompyuta isakunamizeni. Kuwerengera kwa DFT (density functional theory, njira yowerengera maelekitironi a m'kristalo pa kompyuta) wamba kumatenga U ngati avereji, choncho kumatha kupeza bwino maonekedwe a Fermi surface koma m* n'kuchepa kuwirikiza khumi kapena kuposa. DFT+U imangotsekera 4f n'kupereka maginito ofola. Njira yomwe imagwira kulowa ndi kutuluka kwa elekitironi pa atomu imodzi ndi DMFT, koma kufika nayo pa madigiri ochepa n'kodula.

Umboni wosatsutsika ndi wa de Haas-van Alphen. M'maginito amphamvu, maginito a kristalo yoyera amakwera n'kutsika mobwerezabwereza molingana ndi 1/B, pomwe B ndi mphamvu ya maginito omwe mwaikawo. Kufulumira kwa kubwerezaku kumapereka kukula kwa Fermi surface, ndipo mmene kukuzimiririka kutentha kukamakwera kumapereka m* mwachindunji. Taillefer ndi Lonzarich ku Cambridge anachita izi pa UPt3 mu 1988 n'kupeza kulemera kofika kuwirikiza 90. Mu CeRu2Si2 munapezeka kulemera kofika kuwirikiza 120. Pamafunika kristalo yoyera kwambiri, maginito opitirira 10 T, ndi kuzizira kwa pansi pa 0.1 K, chifukwa olemeretsetsawo ndiwo amayamba kuzimirira. Kumbukiraninso kuti 1 T ikufanana ndi pafupifupi 0.67 K pa μB imodzi, moti 10 T ndi yofanana kale ndi T_K ya CeCu6. Maginito omwe mukuyezerawo amachepetsa kulemera komwe mukufuna kuyezako, choncho γ yoyerekeza ndi m* ya de Haas-van Alphen iyezedwe pa maginito omwewo, osati pa 0 T.